Msana wa wosewera mpira: kuchoka pa bwalo la fumbi kukafika ku opaleshoni ya kabala kakang'ono

INSACA, Mecanhelas. Lamlungu lililonse dzuwa likapendeka, mabwalo a mpira m'boma lino amadzaza. Ku Insaca, ku Entre-Lagos, ku Chiuta ndi m'midzi ya m'mbali mwa njanji, anyamata amathamangitsana pa nthaka youma gwa, ena atavala nsapato, ena ndi mapazi okha. Pakati pa masewero wina amadumphira mpira wa m'mwamba, mnzake n'kumugunda kumbuyo, iye n'kugwa chagada. Zotsatira zake tonse tinaziwonapo. Anzake amathamangira pomwepo, wina agwira mikono, wina miyendo, amutulutsa kunja kwa mzere kuti mpira upitirire. Wina amuthira madzi kumutu, wina amukoka khosi kuti akuti libwerere m'malo mwake. Akalephera kuimirira amamukweza pa mota, mnzake atamugwirizira kumbuyo, ulendo wa kuchipatala pa msewu wa mabampu.

Mwamwayi, ambiri amadzuka n'kudzisasa fumbi, sabata yotsatira ali m'bwalo. Koma alipo amene msana wawo sukhalanso bwino kuchokera tsiku limenelo. Ululu umayamba m'chiuno, kenaka utsikira m'thako, m'ntchafu mpaka kuphazi. Ameneyo ndi amene tsopano akumva m'mawailesi ndi m'mafoni kuti kunjaku kuli opaleshoni ya msana yongoboola pang'ono, munthu n'kuyenda tsiku lomwelo. Nkhaniyo ndi yowona, owerenga athu. Koma kwa munthu wa kuno, kabalako ndi gawo laling'ono kwambiri la ulendo wonse. Zambiri zimene zimapulumutsa msana kapena kuuwononga zimachitika pa bwalo, panyumba ndi pa msewu.

Ola loyamba

Wosewera akagwa n'kudandaula khosi kapena msana, makamaka akanena kuti manja kapena miyendo yachita dzanzi, mpira uime basi. Asanyamulidwe ngati thumba la chimanga, asakhazikidwe tsonga, ndipo khosi lake lisakokedwe ndi wina aliyense. Mkati mwa mafupa a msana mumadutsa chingwe cha mitsempha chochokera ku ubongo, chimene madokotala amati medula. Fupa likhoza kuthyoka chingwecho chili bwinobwino, koma kupinda munthu pomunyamula kukhoza kuchititsa kuti fupa lothyokalo lichiphwanye. Chingwe chimenechi chikaduka palibe dokotala, ngakhale ku Maputo kapena ku Ulaya, amene angachilumikize.

Chofunika ndi anthu anayi kapena asanu odekha mtima. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usatembenuke, enawo amugubuduze onse pamodzi ngati chipika, mutu, mapewa ndi chiuno ziyendere limodzi, amugoneke pa thabwa lalikulu. Chitseko cha nyumba yoyandikana ndi bwalo chimagwira bwino ntchito ya machila. Apite kuchipatala ali chigonere, pa galimoto ya bokosi kumbuyo kapena pa ambulansi, osati pa mota. Ndikudziwa kuti galimoto imavuta kupeza ndipo mota ili pomwepo. Komabe kudikira ola limodzi munthu ali chigonere n'kwabwino kuposa kufika msanga ndi miyendo yakufa.

Zovulala zina zonse, monga kubinya phazi, kutupa bondo kapena kukokeka kwa mnofu wa m'ntchafu, zimafuna kupuma, kuziziritsa, kumanga ndi nsalu mosathinitsa ndi kukweza mwendo m'mwamba. Kwathu kuno timathamangira kuthowa ndi madzi otentha, koma masiku awiri oyamba kutentha kumawonjezera kutupa. Ayezi akasowa, nsalu yonyika m'madzi a pachitsime imathandiza ndithu.

Zimene akatswiri anadutsamo

Aliyense wokonda Mambas akukumbukira usiku wa pa 22 Januwale 2024 ku Abidjan. Ghana inkatsogola 2-0, nthawi itatha, Geny Catamo anagoletsa penate, ndipo patangopita mphindi zochepa Reinildo Mandava anamenya mpira ndi mutu n'kufananitsa zigoli. Ambiri anaiwala kuti munthu yemweyo, pa 25 Febuluwale 2023, anatuluka m'bwalo la Santiago Bernabéu pa machila, chingwe cha mkati mwa bondo chitaduka pa masewero a Atlético de Madrid ndi Real Madrid. Kuchoka pa kuvulalako kufika pa chigoli cha ku Abidjan panadutsa miyezi pafupifupi 11. Mwana wa ku Beira ameneyu anali ndi madokotala, makina ndi ophunzitsa olimbitsa thupi tsiku ndi tsiku, komabe chaka cha 2023 chinamuthera kunja kwa bwalo pafupifupi chonse. Nanga mnyamata wathu amene amabwerera m'bwalo patatha masabata awiri chifukwa timu ilibe wina wotchinga kumbuyo, akuganiza kuti thupi lake n'lachitsulo?

Nkhani ya Neymar ikuphunzitsa china. Pa 4 Julayi 2014 ku Fortaleza, pa mpikisano wa dziko lonse, Juan Camilo Zúñiga wa ku Colombia anamugunda ndi bondo kumsana, fupa lachitatu la m'chiuno n'kusweka. Dziko lonse la Brazil linalira, ndipo patatha masiku anayi timu yawo inakwapulidwa 7-1 ndi Germany iye kulibe. Koma Neymar sanachitidwe opaleshoni. Anamumanga lamba wa msana, anapuma, ndipo mwezi wa Ogasiti chaka chomwecho anali atayambanso kusewera ku Barcelona. Choncho si msana uliwonse wovulala umene umafuna mpeni.

Kamtsamiro kotuluka m'malo

Msana si fupa limodzi. Ndi mafupa osanjikizana: asanu ndi awiri m'khosi, 12 pa chifuwa, asanu m'chiuno, ndi ena omatirirana kumunsi. Pakati pa fupa ndi linzake pali kamtsamiro kolimba kunja koma kofewa mkati, kamene kuchipatala amati disco. Munthu akanyamula katundu atawerama, akapotoka mwadzidzidzi kapena akagwa moipa, chikopa cha kamtsamiroko chikhoza kung'ambika, zamkati n'kutulukira kumbuyo kumene kumadutsa mtsempha wopita kumwendo. Imeneyi ndiyo hérnia discal, ndipo kawirikawiri imachitika pa timitsamiro tiwiri ta kumunsi kwenikweni. N'chifukwa chake munthu amalozera phazi pamene vuto lili m'chiuno. Ululu wake umakula akatsokomola, akayetsemula kapena akakhala nthawi yaitali.

Ambiri mwa odwala chonchi amapeza bwino m'masabata 6 mpaka 12 popanda opaleshoni, pakuti thupi limayamwa lokha chotulukacho pang'onopang'ono. Kale ankalangiza kugona pa mphasa mwezi wathunthu. Lero madokotala amati kugona kupitirira tsiku limodzi kapena awiri kumafooketsa minofu. Munthu aziyenda pang'onopang'ono pamalo osalala, aleke mpira, khasu ndi matumba, amwe mankhwala amene wapatsidwa kuchipatala. Pamenepa ndichenjeze za mapiritsi a diclofenac ndi ibuprofen amene anyamata amagula pamsika n'kumameza ngati mtedza asanalowe m'bwalo. Amabisa ululu, kuvulala kukupitirira, ndipo akachuluka amawononga m'mimba ndi impso.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira ngakhale tsiku limodzi. Munthu akayamba kulephera kukodza, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikamatuluka iye osamva, akachita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako, kapena phazi likayamba kukhwekhwereza pansi ndipo mphamvu zikuchepa tsiku ndi tsiku, ndiye kuti mitsempha yapanikizika koopsa. Apa opaleshoni imafunika mwachangu, ndipo kuchedwa kukhoza kusiya chilema cha moyo wonse. Izi n'zochititsa manyazi kunena, makamaka kwa mnyamata pamaso pa namwino wamkazi, koma akabisa, wachipatala angomupatsa paracetamol n'kumubweza kunyumba.

Mwina si mpira

Ife a m'mbali mwa nyanja ya Chiuta ndi Chilwa tili ndi chifukwa china chosafulumirira kunena kuti msana wavulala ndi mpira. Matenda awiri ofala kuno amadziwa kubisala kumbuyo kwa kugwa kwa pa bwalo.

Oyamba ndi chifuwa chachikulu. TB sikhala m'mapapo mokha, imalowanso m'mafupa a msana n'kumawadya mwakachetechete. Munthu amamva msana miyezi ingapo, usiku ululu osaleka, amatuluka thukuta, amaonda, ndipo nthawi zina pamsana pamatuluka kanundu. Ambiri otere amachira ndi mankhwala a TB akamwa miyezi yonse imene auzidwa, ndipo mankhwalawo ndi aulere m'zipatala za boma.

Achiwiri ndi likodzo. Tonse timalidziwa ndi mkodzo wa magazi, koma mazira a tizilombo take nthawi zina amasochera n'kukafika mu medula. Mnyamata amene amasodza, kusamba kapena kulima mpunga m'madambo akhoza kuyamba kumva chiuno, miyendo n'kufooka m'masiku ochepa, mkodzo n'kuvuta. Si ambiri amene zimawachitikira, koma ikadziwika msanga, praziquantel ndi mankhwala ochepetsa kutupa zimathandiza. Tsono pofotokoza kuchipatala musangonena za mpira wa Lamlungu. Nenaninso kuti mumalowa m'nyanja, kuti kunyumba kuli wotsokomola, kuti thupi latsika.

Opaleshoniyo imayenda bwanji

Kuti kamtsamiro kotuluka ndiko kamachititsa ululu wa m'mwendo, anazitsimikizira ndi madokotala awiri a ku Boston, William Mixter ndi Joseph Barr, m'chaka cha 1934. Nthawi imeneyo ankang'amba bala lalitali, kusenda minofu pa fupa ndi kuchotsa fupa lambiri kuti awone mkati. Mu 1977 Gazi Yaşargil ku Switzerland ndi Wolfhard Caspar ku Germany anafotokoza njira yogwiritsa ntchito maikulosikopu, bala n'kuchepa. Mu 1997 Kevin Foley ndi Maurice Smith ku America anabweretsa njira ya kapaipi. Dokotala amacheka khungu pafupifupi masentimita awiri, amalowetsa timapaipi tokulirakulira totsegula minofu mosaidula, akuyang'ana pa ekisire kuti asaphonye fupa loyenera. Kudzera m'kapaipi konenepa ngati chala chachikulu, ndi kamera kapena maikulosikopu, amachotsa kachidutswa kamene kakufinya mtsempha. Kamtsamiro kotsalako amakasiya.

Ubwino wake ndi wakuti magazi amatayika ochepa, bala silipweteka kwambiri, ndipo wodwala amadzuka n'kuyenda tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Koma tisanamizane. Pakatha chaka, amene anachitidwa ya kapaipi ndi amene anachitidwa ya maikulosikopu amakhala chimodzimodzi. Opaleshoniyi imachotsa bwino ululu wa m'mwendo, koma wa msana weniweni sikawirikawiri kutheratu. Bala likhoza kulowa matenda, chikopa chokuta mitsempha chikhoza kubooka, ndipo mwa anthu 100 alionse, asanu mpaka khumi kamtsamiro kamatulukanso. Tiger Woods, katswiri wa gofu wa ku America, anachitidwa opaleshoni yotereyi mu 2014, anabwereranso kawiri mu 2015, ndipo mu Epulo 2017 anachita kumumatira mafupa awiri a kumunsi kukhala limodzi. Anapambana mpikisano wa Masters mu 2019, inde, koma pambuyo pake msana womwewo unamubwezeranso kwa madokotala kangapo. Ameneyo ndi munthu wa ndalama zosawerengeka.

Njira yochokera kuno

Dziko lathu lili ndi a técnico de cirurgia, amene anayamba kuphunzitsidwa mu 1984 madokotala atasowa, ndipo apulumutsa amayi ndi ana osawerengeka m'zipatala za m'maboma. Koma msana si ntchito yawo. Umafuna dokotala wa ubongo ndi mitsempha kapena wa mafupa amene anaphunzira mwapadera, ndiponso chithunzi cha makina a ressonância magnética, chifukwa ekisire wamba imawonetsa mafupa okha, kamtsamiro ndi mitsempha siziwoneka. Choncho ulendo umayambira pa centro de saúde yapafupi, kupita ku Cuamba, kuchoka apo ku Lichinga kapena ku Hospital Central de Nampula, umene uli mtunda wa makilomita pafupifupi 350 kuchokera ku Cuamba, ndipo ena amatumizidwa mpaka ku Hospital Central de Maputo. Pa sitepe iliyonse pamafunika guia de transferência. Wodumpha mzere n'kungofika yekha pa chipatala chachikulu amataya ndalama ya ulendo n'kuuzidwa kuti abwerere.

Ambiri a ife tili ndi abale kutsidya kwa malire ndipo njira ya ku Nayuchi timaidziwa. Ku Malawi madokotala a mitsempha ali ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndipo mu 2023 ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi mitsempha chotchedwa LION, pa Kamuzu Central Hospital. Kumenekonso kuli mizere yawo ndi malamulo awo otumizirana odwala, ndiye woganiza zowoloka ayambe wafunsa bwino ndi kukonza mapepala. Kulikonse kumene mungafike, si dokotala aliyense wochita opaleshoni ya msana amene amagwiritsa ntchito kapaipi. Kwa ine, dokotala wozolowera njira yake amaposa chida chatsopano m'manja mwa wosachizolowera. Funsani mosaopa: vuto langa lili pa fupa liti, mukachotsa chiyani, ndikapanda kuchitidwa chichitike n'chiyani, ndidzayamba liti kulima.

Kukonzeka kumayambira pakhomo

Tsiku likaperekedwa, ntchito yoyamba ndi kuleka fodya, kaya ndi ndudu za m'sitolo kaya chingambwe cholima tokha. Fodya amachepetsa magazi ofika pa bala, ndipo kwa amene akukamatidwa mafupa amalepheretsa mafupawo kugwirana. Kuleka kutatsala mwezi umodzi kapena kuposa kumathandiza. Kachasu nayenso apume. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi aziwongolere asanapite, apo ayi opaleshoni imaimitsidwa iye atafika kale. Amene ali pa TARV asadumphitse ngakhale tsiku limodzi, atenge mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi khadi lake, ndipo asabise kwa dokotala. Malungo ndi kuchepa magazi n'zofunika kuyezetsa musananyamuke.

Nkhani ya mphini ndiyonena mosamala, pakuti azigogo athu anatilera nazo. Koma khungu la pamsana likakhala ndi zilonda zatsopano kapena mafinya, dokotala sangachekepo, kuopa kulowetsa matenda pafupi ndi mitsempha. Amene akudikira opaleshoni asateme mphini pamsana. Mankhwala azitsamba amene akumwa awatchule, chimodzimodzi aspirin ndi ena ochepetsa ululu, chifukwa ena amachititsa magazi kusagwirana msanga. Za kusala kudya usiku wa opaleshoni adzakuuzani komweko. Kawirikawiri amati maola asanu ndi limodzi osadya kanthu, ndipo kabisiketi kodya mobisa kakhoza kubwerera m'mapapo munthu atagonekedwa tulo.

Pali zina zimene dokotala wa mumzinda sangaganize kukufunsani. Opaleshoni ikakhala yosafulumira, kambiranani za nyengo. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yathu imadulidwa ndi mvula, komanso ndi nthawi ya khasu. Munthu wochitidwa mu Juni kapena Julayi, zokolola zili m'nkhokwe, amakhala ndi miyezi yopuma mvula isanagwe. Banja ligwirizane msanga amene adzamuperekeze ndi kumudikirira, amene adzasamale munda, ndi kumene kuchokere ndalama ya ulendo wopita, wobwerera ndi wa kukawonedwanso, pakuti ulendo wachitatuwu ndi umene ambiri amauiwala. Mapepala onse, Bilhete de Identidade, guia, zithunzi za ekisire ndi za ressonância, zikhale m'pepala la pulasitiki limodzi.

Kunyumbanso kukonzedwe. Kudzuka pa mphasa yapansi ndi kunjuta pa chimbudzi chokumba n'kovuta kwa munthu wa bala la pamsana. Bedi lokwera lolimba, mpando wokhala ndi choyedzamira, ndi kampando kobooka pakati koika pa chimbudzi, kalipentala wa m'mudzi akhoza kukhoma zonsezi tsiku limodzi.

Kubwerera m'bwalo

Masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi oyamba, lamulo ndi losawerama, losapotoka ndi losanyamula cholemera. Ndowa ya madzi, thumba la mpunga, kupalasa bwato, kukweza mwana pamapewa, zonsezi zidikire. Mankhwala akulu ndi kuyenda, lero kuzungulira nyumba, mawa kufika kwa oyandikana nawo, mtunda kumawonjezeka pang'onopang'ono. Bala likafiira, likatuluka madzi, thupi likatentha, kapena mutu ukamapweteka kwambiri munthu akaimirira, abwerere kuchipatala msanga. Kenaka pamabwera zolimbitsa minofu ya pamimba ndi ya m'chiuno, imene ili ngati nsichi zogwira msana. A fisioterapia asanakutulutseni akuwonetseni zochita, ndipo woperekezayo aziwonere limodzi kuti akakukumbutseni kumudzi. Kuthamanga kumabwera pambuyo, kukankha mpira wekha pambuyo pakenso, ndipo masewero olimbana amadikira miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi, dokotala atavomera.

Aphunzitsi a matimu athu ali ndi mbali yawo. Pali ndondomeko yotenthetsa thupi yotchedwa FIFA 11+, ya mphindi 20, yosafuna zida zapadera: kuthamanga, kuima ndi mwendo umodzi, kudumpha ndi kutera mawondo atapinda, kulimbitsa mimba ndi ntchafu. Kafukufuku wa ku Norway wofalitsidwa mu 2008, pakati pa atsikana osewera mpira, anapeza kuti kuvulala kunachepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kwathu kuno timu imatsika pa lole n'kulowa m'bwalo nthawi yomweyo, maenje a pa bwalo osakwirira, ziputu osazula.

Pomaliza pali msewu wobwerera kuchokera kuchipatala. Munthu amene wachitidwa opaleshoni dzana sayenera kukhala pa matumba kumbuyo kwa lole kuchoka ku Cuamba mpaka ku Insaca, ndipo mota aiwale kwa masabata angapo. Apemphe mpando wa kutsogolo, ayedzamire, ndipo woyendetsa auzidwe kuti aziima ola lililonse kuti wodwala atsike ayende pang'ono. Amene ali ndi abale ku Nampula kapena ku Cuamba achita bwino kukhalako kufikira ulusi utachotsedwa, kenaka n'kuuyamba wa kumudzi.